Nambala ya Foni Yasanduka Chiphaso, Koma Mwini Wake Ndi Wina

Pafupifupi m'nyumba ya Mmalawi aliyense wokhala kuno ku Nairobi muli kanthu kena kosungidwa mosamala ngati mankhwala a agogo. Ena amakakulunga m'kapepala n'kukapisa m'chikuto cha pasipoti, ena amakamata kuseri kwa foni, ndipo ena anachita kugulira dala foni yolowa makhadi awiri kuti kasatayike. Ndikunena simu khadi ya kumudzi, ija ya nambala yoyamba ndi 088 kapena 099. Kanthuko n'kochepa ngati chikhadabo, koma pamenepo m'pamene pamangiriridwa akaunti ya ku banki, ndalama za pa foni, WhatsApp, Facebook, imelo, ndiponso njira yokhayo imene achibale ena amadziwa yotipezera. Tsiku limene kafa ndi pamene munthu amazindikira kuti zambiri zimene ankaziyesa zake zinali zobwereka.

Madandaulo athu pa zipangizo zamakonozi ndi ambiri, ndipo tikakumana pa zochitika za bungwe lathu satha kukambika: bandulo yotha munthu asanaione nkhope, netiweki yothawa mvula ikangowaza, mauthenga otsatsa malonda obwera usiku wa manda, chaja ya ku Luthuli Avenue yogwira ntchito sabata imodzi yokha. Zonsezi n'zoona, komabe zimangotopetsa. Vuto limene ndikufuna tilione bwino ndi limodzi, popeza ilo limatiluza ndalama ndi kutidula kwa abale. Makampani a foni, mabanki ndi makampani akuluakulu a pa intaneti anasandutsa nambala ya foni kukhala chiphaso cha munthu, chonsecho nambalayo si ya munthuyo. Ndipo dongosolo lonseli analikonza poganizira munthu amene anabadwira m'dziko limodzi, akukhala momwemo, ndipo adzaikidwa momwemo ali ndi nambala imodzimodziyo. Ife a pawiri sanatiwerengere.

Taonani mmene zimayendera. Mukufuna kulipira fizi ya mwana wa mlongo wanu ku Zomba kuchokera mu akaunti yanu ya kumudzi. Mwatsegula pa intaneti, mwalemba dzina lanu, mawu achinsinsi mwalembanso molondola. Makina aja akuti akutumizirani manambala 6 pa foni, muwalembe pasanathe mphindi zochepa. Foni yake iti? Ya kumudzi ija. Ndiye mufune kaphini, mutulutse khadi ya kuno, mulowetse ya kwathu, mudikire kuti ipeze netiweki yachilendo imene ingailandire. Uthenga uja nthawi zina umafika mphindi zija zitatha kale, nthawi zina sufika n'komwe. Mukayesa kangapo makinawo amakukayikirani kuti ndinu wakuba, n'kutseka akaunti. Mukaimba ku banki, pa mtengo woimbira kunja, mumayamba mwamvetsera nyimbo mayunitsi akutsika ngati madzi a m'chidebe chobooka, ndipo pamapeto pake mawu aulemu amakuuzani kuti mubwere ku nthambi imene munatsegulira akaunti mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Nthambiyo ili ku Limbe. Inu muli ku Kasarani. Pakati panu pali tikiti ya ndege, apo ayi masiku awiri kapena atatu a pa basi kudutsa dziko lonse la Tanzania mpaka pa Songwe.

Mayi wina wa m'gulu lathu zinamuchitikira zoterezi sabata imene bambo ake anagonekedwa m'chipatala. Ndalama anali nazo, zake zenizeni, zothukutira yekha, koma anachita kukongola kwa anzathu kuno kuti atumize kumudzi, pamene zake zinali gone mu akaunti imene banki ina ya kwathu inakana kutsegula popanda kuona nkhope yake. Anadzatsegulira miyezi isanu pambuyo pake, atapita kukaika mwala pamanda.

Sindikunena kuti mabanki achotse maloko. Akuba a pa foni alipo, ndipo tonse tinalandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija titumize pa nambala iyi. Kuno umabwera m'Chiswahili, kwathu m'Chichewa, koma nzeru yake ndi imodzi, ndipo kwa zaka zambiri nyuzipepala zakhala zikuloza kundende za Kamiti ndi Zomba ngati ena mwa malo ochokera mauthengawa. Banki imene ingalole aliyense woimba foni kusintha nambala ya pa akaunti ingatibetse tonse tsiku limodzi. Loko ndi wofunika. Funso langa lili pa kiyi: n'chifukwa chiyani kiyi wa chuma changa ali chinthu chimene wina angathe kundilanda osandiuza, n'kupatsa munthu wachilendo?

Pajatu nambala ya foni sitigula, timangobwereka. Manambala ndi a dziko. Kwathu amawayang'anira ndi a bungwe la MACRA, kuno ndi a Communications Authority of Kenya, ndipo iwowa amagawira makampani, makampaniwo n'kutibwereka ife. Nambala ikakhala nthawi osagwira ntchito, kampani imaitseka, kenako n'kuigulitsanso kwa wina. Kuno ku Kenya muyeso umene wakhala ukutchulidwa kwa zaka zambiri ndi masiku 90. Miyezi itatu si nthawi yaitali kwa munthu amene wapita kumudzi kukadwazika matenda, kapena wophunzira wa ku Karen amene watumizidwa kukagwira ntchito ya mpingo kudziko lina. M'chaka cha 2022 kampani ya Safaricom inayambitsa ndondomeko yotchedwa Daima, yakuti munthu alipire kuti nambala yake isungidwe: mashilingi 200 pa miyezi 6, 500 pa chaka, ndi 1,000 pa zaka ziwiri. Ena anadandaula kuti uku n'kulipiritsa munthu lendi pa dzina lake lomwe. Ine ndinaona kuti kampaniyo yangonena poyera zimene zinali zoona kale, kuti tonse ndife alendi, ndipo kuli bwino mlendi wodziwa mtengo wa nyumba kusiyana ndi amene amangopeza katundu wake ali panja. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka.

Chimene chimatsatira nambala ikapatsidwa kwa wina ndicho anthu ambiri sachiganizira. Azakhali a ku Ntcheu sadziwa kuti nambala imene anailemba pachikuto cha buku la nyimbo tsopano ndi ya mnyamata wina woyendetsa kabaza ku Mchinji. Akamatumiza ndalama ya feteleza kuti muwasungire, imapita kumeneko. Uthenga wa maliro umapita kumeneko. Manambala achinsinsi a ku banki amapitanso kumeneko. Ngati mwini watsopanoyo ali wamtima wabwino, amangodabwa n'kufufuta. Ngati ali wina, angathe kupempha Facebook kuti imutumizire njira yosinthira mawu achinsinsi pa nambala yomweyo, n'kuyamba kulankhula ndi abale anu m'dzina lanu. A WhatsApp amanena okha kuti akaunti ikakhala masiku 45 osagwira ntchito kenako n'kutsegulidwa pa foni ina, amafufuta zakale zonse poganiza kuti nambalayo yasintha mwini. Zimenezo zimateteza zinsinsi zanu, inde, koma sizichotsa nambalayo m'mafoni a anthu 300 amene anaisunga ndi dzina lanu. Ndipo amene mukukonzekera kubwerera kumudzi dziwani kuti vutoli limatembenuka: nambala ya kuno nayonso idzafa, ndipo ndalama zotsala pa foni zikakhala zaka ziwiri osakhudzidwa, lamulo la kuno la chaka cha 2011 limati zikaperekedwe ku bungwe la boma la Unclaimed Financial Assets Authority. Kukazitenga kumeneko muli ku Rumphi ndi ntchito ina.

Makolo athu amene ankapita ku Wenela ndi ku Salisbury analibe zonsezi, koma anali ndi keyala. Kalata inkalembedwa kudzera kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya mishoni, inkafika mochedwa, mwina itanyowa, koma inkadikira mwini wake. Keyala sinkatha ntchito chifukwa munthu wakhala miyezi itatu osalandira kalata. Amene ankatchedwa matchona anali aja amene anasiya okha kulemba. Lero munthu angathe kutchona osafuna, foni ili m'manja, chifukwa makina a kampani ina awerenga masiku n'kupeza kuti akwana.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti maboma athu anawonjezera kulemera kwa nambalayi popanda kuwonjezera chitetezo cha mwini wake. Kwathu, a National Registration Bureau atalembetsa anthu ziphaso za unzika m'chaka cha 2017, a MACRA analamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo tsiku lomaliza linali 30 September 2018. Ambiri mwa ife amene tinali kunja nthawi imeneyo tinataya manambala athu akale pamenepo. Kuno a Communications Authority anachita chimodzimodzi, ndipo amene munalipo mukukumbukira mizere ya anthu pa mashopu a foni a m'tauni tsiku la 15 October 2022 likuyandikira. Cholinga chinali chomveka, chakuti wakuba asabisale kuseri kwa nambala yopanda dzina. Koma taonani mmene zakhalira. Boma likafuna kukupezani, nambalayo ndi inuyo. Banki ikafuna kukutsimikizani, nambalayo ndi inuyo. Mukangokhala chete miyezi ingapo, nambalayo ndi ya kampani. Zinthu ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi, ndipo amene amalipira kusagwirizana kwake ndi munthu wamba.

Poona kuti dongosolo silitiwerengera, ife tinapeza njira zathu zachidule, ndipo njirazo n'zimene zikutiika pa mbalambanda. Ambiri anasiya simu khadi kwa mchimwene wawo ku Area 25 kapena ku Ndirande, kuti manambala achinsinsi akafika aziwawerengera pa foni. Zimayenda, mpaka tsiku limene mchimweneyo wataya foni m'minibasi kapena mwasemphana pa nkhani ya malo a makolo. Choopsa china n'chakuti chizolowezichi chimaphunzitsa banja lonse kuti kuwerengera munthu manambala achinsinsi pa foni n'chinthu wamba, pamene akuba amafuna chimenecho basi. Mawa wina akaimba kunena kuti ndi mnzake wa achimwene a ku Kenya, mwana amawerenga manambala aja mwaulemu wonse. Ena analembetsa nambala m'dzina la mlamu wawo chifukwa iwo analibe chiphaso pa nthawiyo, ndipo khadi ikatayika kampani imafuna mlamuyo, amene mwina ukwati unatha kapena anatisiya. Sindikuwaweruza anthu otere. Pamene msewu watsekedwa, anthu amadutsa m'munda.

Wina anganene kuti izi n'zovuta kukonza, kuti malire a mayiko ndi malire basi. Mbiri ya mzinda uno ikukana. Kampani ya Celtel, imene inadzakhala Zain m'chaka cha 2008 kenako Airtel m'chaka cha 2010, kuno ndi kwathu komwe, inayambitsa One Network m'chaka cha 2006 pakati pa Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo m'chaka cha 2007 Malawi analowamo. Munthu ankawoloka malire ndi nambala yake, kulandira mafoni kwaulere ndi kuthira mayunitsi a dziko limene wafikako. Anthu a ku Ulaya anadzafika pothetsa mitengo yowonjezera yotere mu June 2017, patatha zaka zoposa khumi. Kuyambira m'chaka cha 2014 maboma a Kenya, Rwanda ndi Uganda anakhazikitsa mgwirizano wochepetsa mitengo yoimbirana, ndipo m'chaka cha 2023 Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana anagwirizana zofanana nazo. Malawi ndi Kenya onse ali mu COMESA. Luso lilipo kalekale, chimene chimasowa ndi wokakamiza.

Ndipo makampani akakakamizidwa amasuntha. M-Pesa, imene inabadwira kuno mu March 2007, zaka zisanu Airtel Money isanafike kwathu, poyamba inkatumiza ndalama pa nambala iliyonse imene chala chalemba. Anthu atalira kwa zaka zambiri, m'chaka cha 2015 kunabwera Hakikisha, yoonetsa dzina la wolandira ndalama zisanapite. Kanthu kochepa ngati kameneko kapulumutsa anthu osawerengeka kwa mwini watsopano wa nambala yakale. M'chaka cha 2019 loya wina wa kuno, Adrian Kamotho, anakasuma makampani a foni pa nkhani ya mabandulo otha nthawi munthu asanawagwiritse ntchito, ndipo mu October chaka chomwecho Safaricom inatulutsa mabandulo osatha nthawi. Anzathu a ku Kenya ali ndi khalidwe limene ife Amalawi timaliona ngati mwano, lofunsa mokweza ndi kupita ku bwalo la milandu. Ife timati tizingopirira, Mulungu ndiye akudziwa. Kupirira ndi khalidwe labwino pa maliro, koma pa kauntala ya kampani kumangochititsa kuti dandaulo lako lisalembedwe m'buku.

Makampani akuluakulu a kutsidya kwa nyanja ndiye nkhani ina, chifukwa iwo alibe ngakhale kauntala. Banki ya ku Limbe, ngakhale ikuvutitseni, ili ndi khomo ndi mlonda, ndipo mungathe kutuma msuweni kukagogoda. Akaunti ya Facebook kapena ya imelo ikakutsekerani kunja chifukwa nambala yotsimikizira inafa, mumalankhula ndi mafomu okhaokha, ozungulira ngati ng'ombe ya pa chigayo cha nzimbe n'kukubwezani pamene munayambira. M'maakaunti amenewo muli zithunzi za maukwati ndi za abale amene anatisiya, ndipo a Google analengeza kuti kuyambira mu December 2023 angathe kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. Chodabwitsa n'chakuti anthu enieni ogwira ntchito ya Facebook analipo mumzinda uno. Achinyamata ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa ankaunika zithunzi ndi mauthenga oipa kudzera ku kampani ya Sama, ndipo nkhani yawo inaululika m'magazini ya Time m'chaka cha 2022. Atachotsedwa ntchito m'chaka cha 2023, oposa 180 anakasuma, kampani ya Meta n'kunena kuti mabwalo a ku Kenya alibe mphamvu pa iyo, mpaka mu September 2024 pamene bwalo la apilo linagamula kuti mlanduwo ungathe kumvedwa kuno. Ngati anthu amene ankaigwirira ntchito anachita kufika pamenepo kuti amvedwe, nanga mayi wa ku Kawangware amene akungofuna zithunzi za malemu amuna ake?

Ndingowonjezera mwapatalipatali kuti mafomu omwewa ndi amene amakana mayina athu. A Ng'oma, a M'manga ndi a M'bwana akudziwa uthenga wofiira uja wakuti dzina lawo lili ndi chizindikiro chosaloledwa, ndipo amachotsa kachizindikiroko n'kukhala ndi dzina losiyana ndi la pa pasipoti, zimene zimadzawavutanso tsiku lotsimikiza. Anthu a ku Murang'a amalira chimodzimodzi.

Zofunika kupempha sizachilendo, ndipo malamulo oti tiimepo alipo. Kenya ali ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la chaka cha 2019 pamodzi ndi ofesi yolandira madandaulo, ndipo Malawi anakhazikitsa lake m'chaka cha 2024 n'kupatsa a MACRA udindo woliyang'anira. Kampani isanagulitsenso nambala, ichenjeze mwini wake kudzera pa imelo kapena pa nambala yachiwiri imene anapereka polembetsa, osati kutumiza chenjezo pa khadi yomwe ili m'chikuto cha pasipoti. Pakhale njira yodziwitsira mabanki kuti nambala yakutiyakuti yasintha mwini, kuti asiye kutumizako zinsinsi za munthu. Mabanki a kwathu onse, osati ena okha, alole nambala ya kunja kapena imelo kwa kasitomala amene watsimikiza kuti akukhala kunja, ndipo kutsimikizako kutheke pa kanema wa pa foni kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Boma limatikumbutsa kawirikawiri kuti ndalama zakunja zimene timatumiza n'zofunika, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngati zilidi zofunika, khomo lolowera ndalamazo lisakhale lotseka ndi kiyi amene amafa mwini wake akangochoka.

Pali zina zimene aliyense angachite madzulo ano osadikira boma. Ikani nambala yachinsinsi yachiwiri pa WhatsApp ndipo muwonjezere imelo. Pa akaunti iliyonse yofunika onani nambala imene inalembedwapo, chifukwa ambiri mudzapeza ya Celtel imene munaisiya Bingu akulamula. Mukasintha nambala, gwiritsani ntchito njira yosinthira imene ili mu WhatsApp momwemo, ndipo azakhali muwaimbire ndithu kuti afufute yakale m'buku lija. Khadi ya kumudzi muziithira mayunitsi pang'ono ndi kuimbira kamodzi pa mwezi, ngati mmene munthu amapitira kukasesa pa nyumba imene sakugonamo.

Koma zimenezi ndi zigamba, ndipo pempho langa lenileni likupita kwa akuluakulu a komiti. Pa msonkhano ukubwerawu tipatule nthawi yakuti aliyense amene anatsekeredwa akaunti kapena kutaya nambala afotokoze zimene zinachitika, liti, ndiponso zinamutayitsa ndalama zingati, mlembi alembe popanda kutchula mayina. Zimenezo zikhale kalata imodzi ya bungwe yopita ku MACRA, ku Reserve Bank of Malawi ndi ku Bankers Association of Malawi, ina ipite kwa kazembe, ndipo titumizenso kwa mabungwe a anzathu a ku Johannesburg, Harare ndi London kuti aikepo dzanja. Tsiku lomwelo asungichuma abweretse kaundula wa thumba la zamaliro, tiimbe nambala iliyonse ya wachibale wa kumudzi imene inalembedwamo, timve amene ayankhe.